Leki ya pabwalo ndi leki ya kudimba, kodi imodzi ingakwanire?

Make Tadala (Kaphatenga): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Ndabwera ndi funso kwa inu odziwa za zipangizo. Pakhomo panga pali mitengo ya mango ndi malaina kumpanda, ndiye nyengo ino masamba akuyoyoka osati masewera. Ukasesa m'mawa, pofika madzulo mphepo yagwetsa ena. Msana wayamba kundivuta ndi tsache. Kuseli kwa nyumba ndilinso ndi kadimba ka mpiru ndi anyezi pafupi ndi chitsime. Ndapita ku hadiweya pa Kamuzu Road ku Salima kuno ndapeza maleki a mitundu itatu: yachitsulo ya mano afupiafupi olimba, yapulasitiki yotambasuka ngati mchira wa nkhukundembo, ndi ina yotambasukanso koma yamawaya. Ndalama ndili nayo ya imodzi basi. Nditenge iti yoti igwire ntchito pabwalo ndi kudimba komwe?

Chikondi (Benga): Tengani yachitsulo mayi. Pulasitiki ndi dzuwa la kunyanja kuno sizimvana.

Agogo Nangondo (Chipoka): Mwanangu, musanatulutse ndalama ndifunse kaye, tsache lanulo ndi lotani? Ngati ndi lalifupi lija losesa utawerama, msana uyenera kuwawa ndithu. Pezani tsache la mlaza, mulimangirire ku ndodo yaitali ndi malegeni, muzisesa chiimirire. Ine ndakalamba ndi tsache, ndipo pabwalo panga mutha kuyanikapo ufa. Leki imasiya tizinyalala tating'onoting'ono, siyeretsa.

Make Tadala: Zikomo agogo. Lalitali ndili nalo, koma masamba a malaina ndi aakulu ndipo akuchuluka. Tsache likumangowakankha pang'onopang'ono, fumbi lili koboo mpaka m'nyumba.

Che Saidi (Senga Bay): Amayi a Tadala, ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndimasamalira kapinga ndi mchenga pa malo ena ogona alendo kuno, ndiye mundilole nditalikitseko. Maleki mwawaonawo si mitundu itatu ya chinthu chimodzi ayi. Ndi zida ziwiri zosiyana ntchito.

Ya mano afupiafupi olimba ija ndi ya dothi. Mano ake amakhala 12, 14 kapena 16, oima chilili, ndipo sagonja. Ntchito yake ndi kuswa zibuma, kuchotsa timiyala ndi mizu ya udzu, ndi kusalaza bedi. Mukaitengera pabwalo la mchenga, imalowa pansi. Mumakoka masamba pamodzi ndi mchenga, mulu umalemera, masamba ena amabayika m'mano moti mumangoima n'kumachotsa ndi manja. Msana umene mukuuthawawo mudzaupeza komweko.

Yotambasuka ija ndi ya masamba. Mano ake ndi ataliatali, nthawi zambiri amapitirira 20, ndipo amanepa. Akakumana ndi muzu kapena mwala amapindika n'kubwerera. Imayenda pamwamba pa nthaka, imatenga masamba n'kusiya mchenga. Koma mukapita nayo kudimba, pa chibuma imangodumpha.

Ndiye funso lanu loti imodzi igwire konse, yankho langa ndi lakuti ayi. Sankhani ntchito imene ikukupwetekani kwambiri.

Chikondi: Koma Che Saidi, yapulasitikiyo imatha msanga. Kwathu inathetheka mano nyengo ya mvula isanafike.

Che Saidi: Munkaisunga pati achimwene?

Chikondi: Panja, yotsamira khoma la bafa.

Che Saidi: Ndi pamenepo. Pulasitiki ikakhala padzuwa tsiku ndi tsiku imauma, imayezuka mtundu, kenako imathyoka ukangoikhudza. Ya mumthunzi imakhalitsa. Komabe pa ziwirizo ine ndimakonda yamawaya. Waya akapindika umamuwongola ndi pulayala, pamene dzino la pulasitiki likathyoka lapita. Vuto la yamawaya ndi dzimbiri, makamaka mukaisiya pa chinyontho. Pogula muyang'ane ngati ili ndi kachitsulo kopingasa pakati pa mawayawo, kogwira onse pamodzi. Yopanda kameneko mawaya ake amabalalika, lina uku lina uko, masamba n'kumadutsa pakati.

A Mbewe (alangizi opuma, Chitala): Che Saidi afotokoza bwino za pabwalo, ine ndilankhulepo za kudimba. Amayi a Tadala, dothi la m'dimba mwanu ndi lotani? Funso limeneli ndi lalikulu kuposa la leki. Salima yathu ino dothi lake si limodzi. Kufupi ndi nyanja ndi mchenga, koma mukalowa m'madambo a kuno kwathu ndi ku Khombedza mumapeza makande, dothi lakuda lomata likanyowa, long'aluka likauma. Pa mchenga khasu lokha limasalaza bedi, ngakhale dzanja limene. Pa makande khasu limasiya zibuma, ndipo mbewu zing'onozing'ono monga anyezi, mpiru, repu ndi tomato sizimera bwino pa zibuma. Njere ya anyezi imafuna kulowa pansi pang'ono chabe, sentimita imodzi. Ikagwera mumng'alu pakati pa zibuma imapita pansi kwambiri, simera. Anthu ambiri amanena kuti agula mbewu yakufa pomwe vuto ndi bedi.

Make Tadala: Dothi ndi lakuda a Mbewe, koma losakanikirana ndi mchenga. Ndimathiramo manyowa a mbuzi. Mabedi ndi ochepa, a ndiwo zapakhomo ndi zogulitsako pang'ono.

A Mbewe: Ngati ndi choncho, kudimbako mutha kupirira ndi khasu. Thirirani bedi madzulo, m'mawa dothi likafewa muswe zibuma ndi kumsana kwa khasu, kenako musalaze ndi kathabwa. Leki yachitsulo imafunika pa nthawi yokonza mabedi yokha, ntchito ya masiku ochepa pa nyengo yonse. Mungabwereke kwa anzanu. Koma masamba a pabwalo ndi a tsiku lililonse kuyambira nthawi ya mwera mpaka mvula itagwa. Chida cha tsiku lililonse sichibwerekedwa.

Amisiri (owotcherera, Kamuzu Road): Mwandifika pa ntchito yanga. Maleki a dothi a m'masitolo ambiri masiku ano ndi a chitsulo chopyapyala, chongodinda pa makina. Ukawaona penti yake yobiriwira amakoma m'maso, koma pa makande mano amagona chagada sabata yomweyo. Ine ndimapanga ndi waya wa 8 mm amene amamangira nyumba, kumuwotcherera pa chitsulo chopingasa, n'kuika kapaipi kolowetsamo mpini. Imeneyo mdzukulu adzaipeza.

Bambo a Yankho (Lifuwu): Amisiri, zoona ndi zolimba, koma zina mumazilemeretsa kwambiri. Ndinagwirapo ya mnansi wanga yowotcherera, mapewa anandiwawa. Mayi amene akudandaula msana musawapatse chimenecho.

Amisiri: Pamenepo mwanena zoona bambo. Olemera aja amakhala kuti mmisiri waika waya wa 12 mm kapena wapanga mutu wautali kwambiri. Mutu wa leki ya kudimba usapitirire masentimita 35 kapena 40, mano akhale otalika ngati masentimita 7, otalikirana zala ziwiri. Bedi la ndiwo limakhala la mita imodzi m'lifupi, ndiye mutu waukulu ndi wa chiyani? Munthu akabwera ndimamufunsa kuti agwiritse ndani komanso pa dothi lanji. Koma ya masamba ndisaname, sindingapange. Waya wake ndi wa mtundu wina wonepa, wathuyu ukamupinda amakhala chipindikire. Imeneyo mukagule kusitolo.

Agogo Nangondo: Nonse mukukamba za zitsulo, koma palibe wandiyankha. Kodi tsache lalakwa chiyani? Makolo athu anasesa mabwalo zaka zonsezi popanda leki.

A Mbewe: Agogo, tsache silinalakwe, ndipo pakhonde ndi pakhomo penipeni palibe cholowa m'malo mwake. Koma tayang'anani nyumba zakale m'midzi yathu ino. Mupeza maziko ali pamtunda, njerwa zimene zinali pansi pa nthaka zikuoneka, sitepe yoyamba yatalika moti mwana amakwera chokwawa. Tayang'ananinso mizu ya mango pabwalo, ili poyera. Nthaka imeneyo inapita kuti? Tsache limatenga dothi pang'ono m'mawa uliwonse, timaliwola pamodzi ndi zinyalala n'kukataya kudzala. Pa tsiku silioneka, koma pa zaka bwalo limatsika. Ndipo bwalo losesedwa mpaka kuuma gwa silimwa madzi, mvula ikagwa imangothamanga n'kukumba ngalande.

Agogo Nangondo: Imeneyo ndi mvula ya padenga bambo, osati tsache. Malata opanda ngalande amakumba pansi, ndaona ndi maso anga.

A Mbewe: Madzi a padenga amakumbadi agogo, sindikutsutsa. Zimathandizana. Koma pansi pa mango, kutali ndi denga, mizu ija imafukulidwa ndi chiyani? Mukasesa mawa muyang'ane m'chowolera, muone kuchuluka kwa mchenga umene uli pansi pa masamba.

Agogo Nangondo: Chabwino, koma ndikuuzeni chifukwa chimene timasesera mpaka pansi. Si kukongola kokha. Bwalo loyera limakuuza chimene chayenda usiku. Ukadzuka m'mawa umaona mkukuluzi wa njoka pamchenga, umadziwa kumene yalowera, umachenjeza ana. Mphiri imakonda kugona m'masamba ouma ndipo siithawa munthu, mtundu wake ndi wofanana ndi masambawo. Zinkhanira nazo n'chimodzimodzi. Kuno kotentha si nkhani yoseweretsa. Leki yanuyo ikasiya zinyalala, mwana woyenda wopanda nsapato ndiye aone zakuda.

Nachisale (wazaumoyo, Khombedza): Apa agogo akunena zenizeni, tiwamvere. Mulu wa masamba pafupi ndi khoma umaitana makoswe, ndipo pamene pali makoswe njoka imatsatira. Ine ndinganene kuti kuzungulira nyumba, kukhitchini ndi njira ya kuchimbudzi pazikhala poyera, tsache lizigwira ntchito pamenepo. Pansi pa mitengo ndi kumpanda ndiye kwa leki. Ubwino wina wa leki ndi mpini wautali. Mukamakokolola mulu umene wakhalitsa, dzanja limakhala kutali. Anthu ena olumidwa ndi chinkhanira amakhala kuti amawola zinyalala ndi manja.

Che Saidi: Powola ife timatembenuza leki, mano kuloza m'mwamba, n'kukanikiza masamba ndi chidutswa cha katoni, kunyamula mpaka m'thumba kapena mu wilibala. Dzanja silikhudza mulu. Kapena yalani chiguduli pansi, kokerani masamba pamenepo, gwirani nsonga zinayi muzipita.

Make Tadala: Ya chiguduliyo ndaikonda. Nanga masambawo mumatani nawo? Ine ndimatentha madzulo, utsi wake umathamangitsako udzudzu.

A Mbewe: Amayi, apa ndiye mwandikhudza pamtima. Muli ndi dimba, muli ndi mbuzi, muli ndi chitsime, ndiye mukutentha manyowa? Feteleza mmene wakwereramu? Kumbani dzenje kumapeto kwa mpanda, kutali ndi nyumba monga anenera a Nachisale, lakuya kufika m'chiuno kapena kucheperapo. Pansi ikani masamba ouma, pamwamba pake zitosi za mbuzi kapena za nkhuku, kenako zaziwisi monga udzu wa m'dimba ndi makoko a ndiwo, kaphulusa pang'ono, dothi pang'ono, n'kuwaza madzi. Muzibwereza choncho mpaka lidzaze. Zikhale zonyowa koma osati zonyowa chodontha. Zikani ndodo pakati. Pakapita masiku muzule ndodoyo muigwire, ikakhala yofunda ndiye kuti zikupsa bwino. Ikakhala yozizira ndi youma, onjezani madzi ndi ndowe. Muzitembenuza pakatha masabata atatu kapena anayi.

Chinthu chimodzi mudziwiretu: masamba a mango ndi olimba, amachedwa kuola. A malaina amafulumira. A bulugamu ndiye ochedwetsetsa, musawachulutse. Mukafuna kuti a mango afulumire, aunjikeni m'khola la mbuzi kaye, ziwaponde ndi kuwakodzera, kenako mukawathire kudzenje. Ena mungawayale pakati pa mizere ya mpiru kuti chinyontho chisathawe. Mwezi wa Okutobala kuno bedi losaphimbira limauma dzuwa lisanafike pamutu.

Bambo a Yankho: Kuphimbirako chiswe sichibwera?

A Mbewe: Chimabwera, makamaka pamalo ouma. Nthawi zambiri chimayamba ndi zouma zimene mwayalazo, ndipo pozidya chimafewetsa nthaka. Musagundike masamba pa tsinde la mbewu, siyani mpata pang'ono. Pa bedi lothiriridwa tsiku ndi tsiku sichivuta kwenikweni.

Nachisale: Ndiwonjezere za utsi. Udzudzu umathawa kanthawi kochepa, ukazima moto umabwerera, ndipo wofalitsa malungo umaluma kwambiri usiku anthu atagona. Chitetezo ndi neti, osati utsi wa masamba. Komanso zinyalala za masiku ano zimakhala ndi majumbo, mabotolo ndi mapepala a maswiti. Utsi wa pulasitiki ndi woipa pachifuwa, makamaka kwa ana ndi odwala mphumu. Leki yamawaya imathandiza pamenepa chifukwa majumbo amakodwa m'mano, mumawachotsa n'kuika padera asanapite kudzenje la manyowa. Mukamakokolola muzitolanso zitini, zigoba ndi matayala, chilichonse chosunga madzi mvula ikayamba.

Bambo a Yankho: Poti nkhani ndi ya maleki, pali wina amene simunamutchule, wathu wa alimi a mpunga. Ndi thabwa chabe lokhomera ku mpini, ena amalidula manomano m'munsi. Timapalasira mpunga poyanika. Wachitsulo sayenera kufika pa lona, amang'amba, ndipo pa simenti amakanda n'kusakaniza mchenga ndi mpunga. Kilombero ukamuyanika mokhuthala osamutembenuza, wapamwamba amauma kwambiri wapansi akadali wonyowa, ndiye kuchigayo amasweka, mtengo umatsika. Thabwa lomwelo timasalazira matope pa nazale tisanafese. Kalipentala aliyense amapanga ndi zidutswa zotsala.

A Mbewe: Limenelo ndi limene ndimanena lija. Amayi a Tadala, kathabwa kameneka kakwanira pa mabedi anu. Mukafuna mano, khomani misomali ya mainchesi 4 motalikirana zala ziwiri. Boolani kaye timabowo ting'onoting'ono kuti thabwa lisang'aluke. Pa dothi lanu losakanikirana ndi mchenga igwira.

Aphunzitsi (Thavite): Ndalowa mochedwa, ndinali m'kalasi. Kusukulu kwathu maleki timagwiritsa ntchito kwambiri, makamaka chiyambire tsiku losesa la dziko lonse limene a Chakwera anakhazikitsa mu Novembala 2020, loti lizichitika Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Zimene taona ndi izi: apulasitiki m'manja mwa ana sakhalitsa, chifukwa mwana amakanikiza ndi mphamvu zonse ngati akulima. Leki ya masamba siifuna mphamvu. Umaigwira mopepuka, umakoka mofupikitsa chakumbali, thupi lili chilili, mapazi ndi amene amayenda. Ukatambasula manja kutali n'kuwerama, msana uwawa ngati ndi tsache lomwe. Muzisinthanso mbali, pang'ono kumanja pang'ono kumanzere. Ndipo muziona kumene mphepo ikulowera, muzikokera komweko. Nthawi ya mwera ukalimbana nayo umagwira ntchito imodzi kawiri.

Che Saidi: Zoona aphunzitsi. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kusanayambe mphepo, masamba akadali ndi kachinyezi. Sauluka, fumbinso silidzuka.

Nachisale: Aphunzitsi mwatchula ana, ndiye ndinene chimene chimandidetsa nkhawa ndi maleki achitsulo ndi a misomali aja. Osasiya pansi mano ataloza kumwamba, ngakhale kwa kanthawi kopita kukamwa madzi. Ndinathandizapo mwana amene anaponda, dzino linalowa pansi pa phazi. Bala lobayika ndi loopsa kuposa lochekeka chifukwa ndi lakuya, pakamwa pake ndi pang'ono, limatsekera dothi mkati. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndiye leki ya kudimba ili nato ndithu. Zikachitika tsukani ndi madzi aukhondo ndi sopo, musathire dothi, phulusa kapena oyilo, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo akaone za katemera. Mukamaliza ntchito, leki ipachikidwe pakhoma kapena iimikidwe mano ataloza kukhoma.

Amisiri: Ndi chifukwa chake ndimaboola kabowo kumapeto kwa mpini n'kumangapo chingwe. Msomali umodzi pakhoma la m'khitchini, nkhani yatha. Chiswenso sichifika pa mpini wopachika.

Chikondi: Za mipini ndiye nenani, chifukwa ya m'sitolo ija imathyoka pakhosi.

Amisiri: Imathyoka chifukwa ndi ya mitengo yofewa, ina yamfundo zobisika ndi penti. Ina ndi kapaipi kopyapyala kokutidwa ndi pulasitiki, kakapindika kamodzi basi katha. Pogula yang'anani malo atatu. Poyamba pakhosi, pamene mutu wakumana ndi mpini. Pakhale kapaipi kakuya kolowamo mpini, kokhala ndi bowo la msomali kapena bawuti. Ya kamchira kongobaya mumtengo imaguluka mtengo ukauma. Kenako gwirani dzino limodzi mulikankhe ndi chala. La leki ya dothi lisasunthe, la leki ya masamba lipindike n'kubwerera pamalo pake. Chomaliza ndi kutalika. Imikani leki pambali panu, mpini ufike pachibwano kapena pamphuno. Wofika pachifuwa ukuweramitsani. Masitolo ena amagulitsa mutu wokha, ndipo ine ndimati bola choncho, mpini mukaika nokha wa msinkhu wanu.

Make Tadala: Mpiniwo wa mtengo wanji amisiri?

Amisiri: Wa leki ya dothi, bulugamu wowongoka, wouma bwino, wosenda makungwa, wonenepa moti zala zikumane mukagwira. Aumire mumthunzi atagona, padzuwa amang'aluka. Mumupale ndi galasi losweka kapena sandipepa kuti asakutulutseni matuza. Wa leki ya masamba, nsungwi ndi yabwino chifukwa ndi yopepuka.

Agogo Nangondo: Nsungwi imafumbwa mwanangu. Pakapita miyezi ufa uli mbuu.

Bambo a Yankho: Imafumbwa ikadulidwa yanthete agogo. Dulani yokhwima, nthawi ya chilimwe, muiviike m'madzi masabata angapo, kenako muiumitse mumthunzi. Tizilombo timatsata zotsekemera za mkati mwake, madzi amazichotsa. Podula musiye mfundo pafupi ndi nsonga yolowa mu leki, kuti msomali usaing'ambe. Ndipo tigule kwa amene anadzala okha, za m'nkhalango ya Thuma n'zotetezedwa.

Chikondi: Nanga mitengo yake ikuyenda bwanji pano? Ndifunse ndisanapite ku boma.

Aphunzitsi: Mtengo wa pagulu ungakupusitseni achimwene. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja sakhala pamtengo umodzi. Yendani masitolo angapo mufunse nokha. Ya pamsika yotchipa kwambiri ija muiyese pakhosi musanapereke ndalama.

Che Saidi: Ndikumbutseko china kwa amene muli kufupi ndi nyanja. Madzi atakwera mu 2024 anatisiyira bango, zitsotso, namasupuni ndi mabotolo pamchenga wonse. Zonyowa zoterozo leki ya masamba siingakoke, mawaya amatambasuka. Tinkayamba ndi yachitsulo kukoka zolemera, n'kumalizira ndi yamawaya. Ndiye achimwene a ku Benga, ngati kwanu ndi kugombe kapena mumasenga udzu wambiri ndi chikwakwa, yachitsulo muifuna. Pansi pa msangu ndi mthethe pamene pamagwa minga, leki iliyonse iposa tsache, chifukwa minga imakodwa m'tsache n'kukubaya pochotsa.

A Mbewe: Ndipo mango akayamba kugwa, leki yomweyo muzikokera ogwa okha tsiku lililonse. Mango oola pansi ndiwo amasunga mphutsi za ntchentche zija zoboola zipatso. Mphutsi imatuluka m'chipatso, n'kulowa m'dothi, n'kutulukanso ili ntchentche yokaikira mazira m'mango ali mumtengo. Amenewo musawaponye pamwamba pa dzenje la manyowa. Akwirireni pa dzenje lawo lakuya, kapena atsekereni m'thumba la pulasitiki lakuda padzuwa kuti mphutsi zife.

Make Tadala: Chaka chatha mango anga ambiri anali ndi mphutsi, ndiye izi ndazimva bwino. Ndaganiza zotenga yamawaya yokhala ndi kachitsulo kopingasa. Kudimba ndiyamba ndi kathabwa ka misomali, bambo a Tadala akhoza kukhoma. Tsache likhala la pakhonde ndi kukhitchini monga anenera agogo.

Agogo Nangondo: Ndi njira ya kuchimbudzi mwanangu, musaiwale. Ana amapita usiku. Ndipo dzenje la masambalo likhale kumene ana sasewerako.

Make Tadala: Ndamva agogo, zikomo.

Chikondi: Amisiri, ine ndikufuna yowotcherera ya mano 12, yopepuka monga munafotokozera. Kwathu ndi makande enieni, tikukonza mabedi a tomato. Loweruka ndikhala pa Kamuzu Road. Mpini ndibweretse?

Amisiri: Bweretsani achimwene, kuti kapaipi ndikayeze pa mpini wanuwo. Ukakhala wauwisi musaubweretse, udzafota n'kuyamba kugwedera. Mundilembere kumbali Lachinayi kuti ndidule waya, ndipo mufike m'mawa magetsi akadalipo.